Kudyetsa ana a kalulu a mtundu waukulu: masamba okha, madeya osakaniza, kapena mapeleti?

Alimi ambiri a ku Dedza ndi Ntcheu amene agula akalulu a mtundu waukulu, monga Flemish Giant kapena ana ake osakanizika ndi mitundu ina, amadandaula chinthu chimodzi: kholo lake linali lalikulu, koma ana pa miyezi 6 sakusiyana ndi akalulu achikuda. Nthawi zina vuto limakhala la mtundu, poti akalulu ambiri ogulitsidwa ndi dzina la Flemish ndi osakanizika. Koma kawirikawiri vuto limakhala m'chodyera. Kalulu wa mtundu waukulu amamanga mafupa ake kuyambira sabata yachitatu kufika pa miyezi 6 kapena 7, ndipo akapinimbira pa nthawi imeneyi, chakudya cha pambuyo pake chimangomunenepetsa osamutalikitsa.

Flemish Giant anachokera ku Flanders m'dziko la Belgium. Wamkulu wodyetsedwa bwino amalemera makilogalamu 6 mpaka 7, ena kuposerapo, ndipo samaliza kukula asanakwanitse chaka. Mwana amabadwa patatha masiku pafupifupi 31 a bere, wopanda ubweya, wolemera magalamu 60 mpaka 90. Amatsegula maso pa masiku 10 mpaka 12, ndipo pa sabata yachitatu amatuluka m'chisa n'kuyamba kulawa zimene mayi ake akudya. Mwana wa mtundu weniweni amene akudya mokwanira amayenera kufika magalamu 600 mpaka 800 pa masabata 4, pafupifupi makilogalamu 2 pa masabata 8, makilogalamu 3 pa masabata 12, ndi makilogalamu 4.5 mpaka 5.5 pa miyezi 6. Osakanizika amatsalira pang'ono pa manambala amenewa, ndipo zimenezo si cholakwa cha mlimi. Chofunika kuyang'ana ndi chakuti sabata iliyonse sikelo ikusuntha bwanji.

Sikelo yolendewera, yonga imene ogula soya ndi nyemba amagwiritsa ntchito, si yokwanira kwa ana aang'ono chifukwa siionetsa magalamu 50. Pezani ya m'khitchini, ikani mwana m'kabeseni, muyeze tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse m'mawa musanapereke chakudya, ndipo mulembe m'kope. Maso amanamiza, makamaka pa kalulu waubweya wambiri kapena wotupa mimba.

Chakudya choyamba ndi cha mayi

Kwa masabata atatu oyamba njira yodyetsera ana ndi imodzi yokha, ndiyo kudyetsa mayi. Kalulu amayamwitsa kamodzi pa tsiku, mwina kawiri, kwa mphindi zosapitirira 5, ndipo mkaka wake ndi wamafuta kwambiri kuposa wa ng'ombe. Mkaka umachuluka zedi cha pa masiku 18 mpaka 21. Pa nthawiyi mayi wa mtundu waukulu wokhala ndi ana 8 amatha magalamu 300 mpaka 400 a chakudya chouma pa tsiku, ndi madzi malita 2 kapena kuposa. Madzi akasowa tsiku limodzi lokha mkaka umatsika. Mwana wokhuta amakhala ndi mimba yozungulira ndi khungu losalala. Wanjala khungu limachita makwinya ndipo amangoyendayenda m'chisa. Ana akapitirira 8, perekani otsalawo kwa mayi wina amene waswa masiku awiri kapena atatu oyandikana nawo.

Masamba ndi udzu zokha

Iyi ndi njira imene pafupifupi aliyense amayambira, ndipo kuno zomera zake n'zambiri: chisoso, mwamunaaligone, khovani, bonongwe, kholowa, masamba a mabulosi, masamba a kaloti, a nthochi, kapinga ndi nsenjere yanthete. Siifuna ndalama, ndipo kalulu wachikuda wamkulu amene sakuyamwitsa amatha kukhalira zimenezi osadwala.

Vuto lake kwa mwana wa mtundu waukulu ndi madzi. Kholowa wamuwisi, mwachitsanzo, magawo pafupifupi 85 pa 100 alionse ndi madzi. Mwana wa makilogalamu 1.5 amafuna chakudya chouma cha magalamu pafupifupi 120 pa tsiku, ndiye kuti azipeze kuchokera mu kholowa yekha afunika kudya magalamu 800, kuposa theka la kulemera kwake. Mimba imadzaza thupi lisanapeze zokwanira. Pa masamba okha ana amawonjezera magalamu 10 mpaka 15 pa tsiku, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala, pamene zobiriwira zatsala kudimba kokha, amatha kuima osawonjezera kanthu kwa masabata angapo.

Palinso ngozi zake. Masamba othyola m'mawa ali ndi mame, kapena ounjikidwa m'thumba mpaka kutentha, amatupitsa mimba ndi kutsegula m'mimba. Athyoleni dzuwa litakwera, muwayanike pamthunzi kwa maola angapo kuti afote, ndipo muwamangirire m'mwamba m'khola kuti asapondedwe. Kabichi ndiye amafuna kumunena mwapadera, chifukwa ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano masamba ake akunja amapezeka ochuluka, ambiri aulere. Kabichi amapanga mpweya m'mimba, ndipo masamba akunjawo ndi amene amalandira mankhwala opopera. Ngati simukudziwa tsiku limene munda unapoperedwa, asiyeni. Ngakhale ochokera m'munda mwanu, mwana wosakwana miyezi itatu asamadye oposa tsamba limodzi laling'ono pa tsiku. Masamba a mbatatesi ndi a tomato, ombwe ndi nsatsi ndi poizoni, asalowe m'khola. Mbatatesi imene yabiriwira kapena kuphuka nayonso ayi.

Amene alibe njira ina kupatula masamba ndi bwino aweta akalulu achikuda kapena osakanizika aang'ono. Kugula mtundu waukulu pa mtengo wokwera n'kumaudyetsa masamba okha n'kutaya ndalama.

Madeya ndi masamba

Ambiri akaona kuti ana sakukula amawonjezera madeya. Zimathandizadi: mphamvu zimakwera, ndipo ana amafika magalamu 15 mpaka 20 pa tsiku. Koma madeya ali ndi mapuloteni pafupifupi 10 pa 100 pomwe mwana wokula amafuna 16 mpaka 18. Alinso ndi kashiamu wochepa kwambiri, amene kalulu wa mafupa aakulu sangachite popanda iye. Zotsatira zake ndi mwana wooneka wonenepa koma wamfupi, nthawi zina wa miyendo yofooka.

Choopsa kwambiri pa madeya ndi misere. Madeya amene atuluka ndi misere yambiri kapena ufa amakhala ndi sitachi wochuluka, ndipo mwana wosakwana masabata 7 sagaya bwino sitachi. Wotsalayo amapitirira mpaka m'thumbo lalikulu momwe mumakhala tizilombo tothandiza kugaya udzu, n'kukadyetsa tizilombo toipa. Mwana amene dzulo anali bwinobwino mumamupeza m'mawa atadetsedwa kumchira, mimba ikuchita phokoso la madzi, ndipo madzulo wafa. N'chifukwa chake chimanga chosakonola, mgaiwa ndi nsima yotsala si zakudya za ana a kalulu. Madeya ochokera ku chimanga chonyowetsa pokonola ayanikeni tsiku lomwelo. Akachita chuku kapena kununkha chiwawasa, atayeni; kuwasakaniza ndi abwino sikuchotsa poizoni wa chuku.

Chosakaniza cha pakhomo

Apa ndi pamene tikuona kuti mlimi wa ku Dedza ndi Ntcheu ali ndi mwayi, chifukwa zonse zofunika zimalimidwa konkuno. Pa makilogalamu 10 a chakudya sakanizani madeya ouma bwino makilogalamu 6, soya wokazinga ndi kugayitsa makilogalamu 1.5, ndi masamba ouma osinja makilogalamu 2.5. Onjezerani laimu wa ziweto magalamu 100 ndi mchere magalamu 50. Chosakaniza chimenechi chimafika mapuloteni pafupifupi 16 pa 100. Laimu wake akhale wogulitsidwa ku sitolo za zakudya za ziweto, osati wopakira nyumba.

Soya asaperekedwe wamuwisi. Ali ndi zinthu zimene zimatchinga thupi kugaya mapuloteni, ndiye mwana amadya koma osakula. Mukazingeni pa moto wapakati kwa mphindi 15 mpaka 20 mukutakasa, mpaka asinthe mtundu pang'ono ndipo fungo la nyemba yaiwisi lichoke. Akapserera mapuloteni ake amaonongeka. Popeza soya wogayitsa ndi wamafuta, amayamba kununkha msanga, choncho sakanizani chakudya cha masabata awiri basi. Kumene kuli makina ofinyira mafuta, keke ya mpendadzuwa (zotsalira pofinya mafuta) ingalowe m'malo mwa gawo la soya, koma mapuloteni ake ndi ochepa, ndiye pa kilogalamu imodzi ya soya imene mwachotsa ikani keke kilogalamu imodzi ndi theka, muchepetseko madeya. Keke ya thonje ipeweni.

Masamba osinja angakhale a mabulosi, a chamwamba, a khobwe, kapena masangwi a mtedza amene auma ali obiriwira. Masamba a mbewu za mtundu wa nyemba ndiwo amabweretsa kashiamu amene madeya alibe. Lukina ali ndi mapuloteni ambiri ndipo akalulu amamukonda, koma akachuluka amathothola ubweya ndi kubweza kukula, choncho asapitirire gawo limodzi pa magawo 10 a chakudya chonse. Pa makilogalamu 2.5 a masamba aja, lukina akhale theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi, osapitirira.

Kalulu sakonda chakudya cha ufa. Chimamulowa m'mphuno, ndipo amachipalasa n'kuchitaya. Wazani madzi pang'ono kuti chigwirane mukachifumbata koma chisadonthe, perekani chimene angamalize m'maola awiri kapena atatu, ndipo chotsala muchotse chisanasase. Mwana wa masabata 8 mupatseni magalamu 80 mpaka 100 pa tsiku, wa masabata 12 magalamu 120 mpaka 150, wa miyezi 4 mpaka 6 magalamu 150 mpaka 180, mogawa kawiri, gawo lalikulu madzulo chifukwa kalulu amadya kwambiri usiku. Pambali pake pakhale udzu wouma nthawi zonse ndi masamba ofota manja awiri. Mukatero ana amawonjezera magalamu 20 mpaka 30 pa tsiku.

Njirayi imadya ntchito, ndipo imafuna kukonzekera. Masangwi a mtedza, a nyemba ndi a soya amapezeka mu Epulo ndi Meyi. Mukawasiya m'munda masamba amayoyoka n'kutsala mapesi, kapena mbuzi zimayamba ndi zomwezo. Atuteni msanga, muumitse pamthunzi, musunge pa thandala pomwe sipadontha. Udzu woumitsa mumwete usanachite maluwa, kumapeto kwa dzinja. Udzu wa mu Ogasiti wofiirira kale umathandiza m'mimba koma ulibe zomanga thupi.

Mapeleti

Chakudya chopangidwa kufakitale cha akalulu ndicho chimakuza msanga. Mwana amawonjezera magalamu 35 mpaka 45 pa tsiku, sasankha, ndipo sataya chambiri. Werengani chikalata cha pa thumba: mapuloteni akhale 16 mpaka 18 pa 100, faiba (zolimba zonga za mu udzu zimene zimayendetsa matumbo) asachepere 14 pa 100, ndipo muone tsiku lopangidwa, chifukwa pakatha miyezi itatu mavitamini amakhala atachepa. Kwa ana oleka kuyamwa mpaka miyezi 6, chodyera chisakhale chopanda kanthu.

Muwerengere kaye kuchuluka kwake musanayambe. Mwana mmodzi kuyambira sabata ya 8 kufika ya 16 amadya magalamu pafupifupi 150 pa tsiku, ndiye kuti makilogalamu 8.4. Ana 8 ndi makilogalamu 67, kuposa thumba la makilogalamu 50, osawerengera mayi. Mapeleti a kalulu sapezeka nthawi zonse m'misika yathu ing'onoing'ono, ndipo kawirikawiri amayenera kuchokera ku Lilongwe kapena Blantyre. Choipitsitsa ndi kuyamba nawo, thumba n'kutha, mawa lake ana n'kupatsidwa mulu wa masamba aawisi. Kusintha kulikonse kwa chakudya kutenge masiku 7 mpaka 10, mukuchepetsa chakale ndi kuonjezera chatsopano pang'onopang'ono, chifukwa tizilombo ta m'thumbo timafuna nthawi kuti tizolowere.

Mapeleti akasowa, ena amathamangira chakudya cha nkhuku. Musatero. Cha nkhuku zanyama nthawi zambiri chimakhala ndi mankhwala oteteza koksidiyosisi (nthenda ya tizilombo ta m'matumbo), monga monensin ndi narasin, amene amatha kupha kalulu. Cha nkhuku zamazira chili ndi laimu wochuluka zedi. Zonse ziwiri zili ndi chimanga chambiri ndi faiba wochepa. Chakudya cha ng'ombe zamkaka nachonso chimatha kukhala ndi yureya, amene kalulu samufuna.

Kusiyana kwa njirazi kumaoneka bwino tikatenga mwana wa makilogalamu 1.5 amene tikufuna afike makilogalamu 3. Pa magalamu 35 patsiku afika m'masabata 6. Pa magalamu 25 afika m'miyezi iwiri. Pa magalamu 12 adzatenga miyezi inayi, akudya, akudetsa khola, komanso ali pa chiopsezo cha matenda nthawi yonseyo. Kusiyana kwa mapeleti ndi chosakaniza cha pakhomo ndi masabata awiri kapena atatu okha, ndipo n'chifukwa chake kwa ambiri kuno timalimbikitsa chosakanizacho. Amene ali ndi ndalama ya thumba limodzi aligwiritse ntchito pamene likufunika kwambiri: kwa mayi woyamwitsa ndi ana ake kuyambira sabata yachitatu mpaka ya 10, kenako asinthire ku chosakaniza. Mapeleti okhaokha mpaka kukula amabweza ndalama kwa amene akugulitsa akalulu a mbewu, poti wogula amalipira msinkhu.

Njira iliyonse imene mwasankha, udzu wouma sungachotsedwe. Matumbo a kalulu amayenda ndi zakudya zolimba, ndipo mano ake amakula moyo wake wonse, amaperepeseka ndi kutafuna udzu. Kalulu amatulutsanso ndowe zofewa zogwirana ngati kamulu, makamaka usiku ndi m'mamawa, n'kuzidya pomwepo. M'menemo amapezamo mapuloteni ndi mavitamini. Mukayamba kuona ndowe zofewazi zitatsala zambiri m'khola, chakudya chanu chachuluka mphamvu ndipo udzu wachepa.

Kuletsa kuyamwa: masabata 5, 6 kapena 8?

Akalulu apakati monga New Zealand White amatha kuchotsedwa kwa mayi pa masabata 5 ngati pali mapeleti. Kwa mtundu waukulu wodyetsedwa za pakhomo, dikirani masabata 8. Mkaka, ngakhale utachepa, umateteza matumbo a mwana pa nthawi imene akuphunzira chakudya cholimba, ndipo imfa zambiri zimachitika pakati pa masabata 5 ndi 10. Kuchotsa pa masabata 6 kungatheke ngati mwana aliyense wapitirira kilogalamu imodzi ndipo mayi akuonda. Chotsani mayiyo, ana atsale m'khola lomwe alizolowera, ndipo sabata imeneyo musasinthe chakudya. Ogula nawonso asamalandire mwana wa mwezi umodzi chifukwa choti watchipa. Pogula pemphani chakudya cha sabata imodzi cha komwe akuchokera.

Amuna ndi akazi alekanitseni pa masabata 10 mpaka 12. Ana akathithikana, amphamvu amatsekereza anzawo kuchodyera ndipo sikelo imaonetsa awiri akukula, ena ataima. Ikani zodyera ziwiri, kapena patulani ang'onoang'ono akhale paokha.

Pamene chakudya chili bwino koma sikelo siikusuntha

Choyamba kuganizira ndi koksidiyosisi, nthenda ya tizilombo ta m'matumbo ndi m'chiwindi imene imagwira kwambiri ana a masabata 5 mpaka 12, makamaka m'dzinja. Mwana amakhala ndi mimba yaikulu, msana wakuthwa, ubweya wonyankhalala, mwina kutsegula m'mimba. Mukapha kapena akafa, chiwindi chimaoneka ndi timadontho toyera. Mazira a tizilomboti amatuluka ndi ndowe ndipo amafuna tsiku limodzi kapena awiri pa malo a chinyontho kuti akhwime n'kutha kupatsira. Choncho khola lokwera, lokhala ndi mipata ya sentimita 1 mpaka 1.5 pansi kuti ndowe zizigwa, losesedwa tsiku lililonse, limadula nthendayi kuposa mankhwala. Zomwera ndi zodyera zikhale zokwezeka kuti ana asakhalemo. Pansi pa waya wopyapyala pamachititsa zilonda ku mapazi a kalulu wolemera, ndiye timatabwa kapena nsungwi zosalala n'zabwino, kapena muikemo thabwa lopumirapo.

Mankhwala a koksidiyosisi alipo, koma mlingo wake ufunseni kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu. Musamwetse kalulu makapisozi a anthu. Amoxicillin, ampicillin ndi penicillin womwetsa amapha tizilombo tothandiza ta m'thumbo, ndipo kalulu amafa patapita masiku angapo ndi kutsegula m'mimba.

Chachiwiri ndi madzi. Chikhulupiriro chakuti kalulu samwa madzi chapinimbiritsa akalulu ambiri. Kalulu amamwa madzi olemera pafupifupi kawiri chakudya chouma chimene wadya, ndipo akasowa madzi amaleka kudya.

Chachitatu ndi nyengo. Kumtunda kwa Dedza ndi ku Tsangano kuzizira kumawayanja akalulu aakulu, amadya bwino chaka chonse. Chofunika kusamala kumeneko ndi ana obadwa mu Juni ndi Julayi: bokosi la chisa likhale ndi udzu wouma wambiri, khola litchingidwe mbali yochokera mphepo, ndipo m'mawa muone ngati pali mwana amene watuluka ndi bere la mayi n'kutsala panja. Kuchigwa, monga ku Bwanje, Golomoti ndi Mtakataka, nkhani ndi ina. Kutentha kukapitirira madigiri 30 kalulu amachepetsa kudya, ndipo wa thupi lalikulu amavutika kuposa wamng'ono. Kumeneko khola likhale pansi pa mtengo, denga la udzu osati malata, chakudya chachikulu chiperekedwe dzuwa litalowa, ndipo konzani kuti ana asamaleke kuyamwa mu Okutobala kapena Novembala. Kwa mlimi wa kuchigwa, wosakanizika wa Flemish ndi New Zealand White kapena ndi wachikuda amapirira bwino kuposa weniweni.

Za nyama kapena za mbewu

Cholinga chanu chimasintha nthawi yosiyira kudyetsa mokhutitsa. Mpaka masabata 12, mwana wodya mapeleti amafuna makilogalamu pafupifupi 3 a chakudya kuti awonjezere kilogalamu imodzi. Akapitirira pamenepo amafuna ochulukirachulukira. Mtundu waukulu umayamba wamanga mafupa, khungu ndi makutu, nyama n'kubwera pambuyo, kotero pa kulemera kofanana New Zealand White amatulutsa nyama yambiri. Ngati mukuwetera ndiwo kapena okazinga kanyenya, gulitsani kapena iphani pa makilogalamu 2.5 mpaka 3, ndipo ganizirani zokweretsa wamkazi wa mtundu wapakati ndi wamwamuna wosakanizika m'malo mosunga a Flemish enieni. Musakweretse wamkazi wamng'ono wachikuda ndi wamwamuna wamkulu zedi, makamaka pa bere loyamba, chifukwa amatha kuvutika poswa.

Osungira mbewu adye mokhuta mpaka miyezi 6 kapena 7, kenako muyambe kuwayezera: magalamu 150 mpaka 180 a chosakaniza kapena mapeleti pa tsiku, udzu wouma wosaletsa. Sisitani pamsana ndi m'nthiti sabata iliyonse. Mafupa azimveka mukasindikiza pang'ono. Akamabaya dzanja onjezerani chakudya, akasowa m'mafuta chepetsani, poti wamkazi wonenepa kwambiri amakana wamwamuna kapena satenga bere. Wamkazi wa mtundu waukulu asakweretsedwe asanakwanitse miyezi 8 kapena 9, ngakhale ataoneka wamkulu pa miyezi 5, chifukwa bere ndi kuyamwitsa zimalanda chakudya chimene chikanamaliza mafupa ake.